KUKONZA CIKWAMA CAKALE CA TENTI NDI CIKOPA KUTI MVULA ISALOWE

M'nyumba zambiri za m'midzi yathu muli cikwama cobereka kumsana cimene cinapacikidwa pa mtanda wa denga, ndipo eni ace anaciiwala. Cina cinabwera ndi agogo pocokera ku nchito ya ku migodi, cina cinagulidwa pa salaula, cina cinali ca mwana wa sukulu amene lero ali ndi ana ace. Nsalu yace ndi yokhuthala monga ya tenti, malamba ace ndi a cikopa, ndipo zina ziri ndi cikopa pansi pomwe. Mwini akaciona cauma gwa, cacita cuku, lamba mmodzi waduka, angoti catha nchito, napita ku sitolo kukagula ca pulasitiki cimene zipi yace imafa dzinja lisanathe.

Alimi anzanga, ganizani za ulendo wa ku depoti m'mwezi wa December. M'cikwama muli citupa canu, makalata a feteleza, buku la koparetivu, foni, ndi ndalama zimene munasunga kuyambira pa malonda a cimanga. Mvula ikakupezani pa dambo, pamene palibe nyumba yobisalamo, zonsezi zidalira nsalu iri pamsana panu. Ku Chipata mvula ya caka cimodzi imafika pafupi mamilimita 1,000, ndipo pafupifupi yonse imagwa kuyambira November kufikira April. Cifukwa cace nchito imene tifotokoza pano iyenera kucitika mu September kapena October, pamene dzuwa liri lamphamvu ndipo zinthu ziuma msanga. Sifuna ndalama zambiri: sopo wamtanda, singano ziwiri, ulusi, mafuta pang'ono, makandulo ndi phula la njuci. Ifuna masiku anai kapena asanu, pakuti pali kudikira kwambiri kuposa kugwira.

Nsalu ndi cikopa sizidya cakudya cimodzi

Kulakwa kwa anthu ambiri ndi kupaka cikwama conse mafuta amodzi, monga ngati nsalu ndi cikopa ndi cinthu cimodzi. Si tero ai.

Nsalu ya tenti ndi thonje lolukidwa mothina. Ikanyowa, ulusi wace umatupa ndi kutseka timipata ta pakati pace, ndipo ndico cifukwa cace tenti yatsopano imaletsa mvula kwa kanthawi ngakhale yosapakidwa kanthu. Koma ikakalamba ulusi umaperepeseka, timipata timakula, ndipo madzi amapita. Mdani wace wamkuru ndi cinyontho cokhalitsa, pakuti cuku cimadya thonje lenilenilo. Nsalu ifuna phula, loti likute ulusi uliwonse kuti madzi atsetsereke.

Cikopa cinali khungu la nyama. Cimakhala cofewa cifukwa ca mafuta amene ali pakati pa timinyewa tace. Nthawi iriyonse cikanyowa ndi kuuma, ena mwa mafutawo amacoka, ndipo timinyewa timamatana; pamenepo mukacipinda cimathyoka. Cikopa cifuna mafuta, koma pang'ono pokha.

Pa ziwirizi cimene cimayamba kugonja pa mvula ndi cikopa. Ankhondo a ku Britain anaphunzira izi pa nkhondo ya ku South Africa ya 1899 kufikira 1902, pamene malamba a cikopa anabvutitsa asilikari, ndipo m'caka ca 1908 anayamba kuwapatsa malamba ndi zikwama za thonje lolukidwa. Asilikari a Northern Rhodesia Regiment amene anayenda m'cigwa ca Kabaw ku Burma m'caka ca 1944, pakati pa mvula yaikuru ya dziko lija, anabereka zikwama za mtundu wotere, zopanda cikopa. Ngati canu ndi ca mtundu umenewo, dumphani mau a cikopa, mutsate a nsalu okha.

Yambani mwayesa ngati cikwama cidakali ndi moyo

Musataye phula lanu pa cinthu cakufa. Tulutsani cikwama panja, mucikweze ku dzuwa, muyang'ane kuunika kucokera m'kati. Zibowo za makoswe ndi za ciswe sizidetsa nkhawa, pakuti cigamba ciripo. Coopsa ndi nsalu yoola. Gwirani nsalu ndi zala za manja onse awiri pamene pali madontho akuda a cuku, ndipo kokani mwamphamvu. Ikang'ambika monga pepala, yesaninso pena ndi pena. Ngati yaola pansi pokha, mukhoza kudula ndi kuika nsalu yina; ngati yaola ponseponse, cotsani zitsulo zomangira muzisunge, cikwamaco cilekeni.

Malamba muwapinde pang'onopang'ono. Wouma koma wopanda ming'alu adzacira. Wa ming'alu yapamwamba pokha adzagwira nchito zaka zina, ngakhale ming'aluyo siidzatsekeka. Koma ngati cikopa cifumbutuka ndi kusiya fumbi lofiira pa zala, monga dothi la katondo, dziwani kuti cafa m'kati, ndipo palibe mafuta pa dziko lapansi amene angaciutse. Lamba wotere mumcotse, muike wina. Lamba wa thalauzi wakale wa cikopa ceniceni akwanira. Ena amaika mphira wa tayala, koma ine sindiubvomereza pa nsalu yokalamba, pakuti mphira ndi wolemera ndi wouma, ndipo umang'amba nsalu pamene wasokedwa.

Kutsuka

Tembenuzani cikwama, mukutumule fumbi ndi zinyalala za m'ngodya. Cuku mucicotse ndi burashi cikwama ciri couma, muli panja, mutamanga kansalu pa mphuno, popeza fumbi la cuku limabvutitsa cifuwa. Pamene panali cuku pukutani ndi viniga woyera wosakaniza ndi madzi, kapu imodzi ya viniga ndi kapu imodzi ya madzi. Madontho akuda ena sadzacoka; musalimbane nao.

Tsono tsukani nsalu ndi madzi ozizira kapena ofunda pang'ono ndi sopo wamtanda. Sopo waufa amatsalira m'nsalu, ndipo wotsalayo amaitana madzi m'malo mwa kuwakana. Mankhwala oyeretsa zobvala amadya thonje. Musaphike cikwama m'madzi otentha, musacimenye pa mwala wa ku mtsinje, ndipo musacibviike usiku wonse, pakuti cikopa conyowa cikakumana ndi kutentha cimakhwinyata ndi kuuma monga nyanga, osabwereranso. Cikopa mungocipukuta ndi kansanza konyowa. Tsukuluzani nsalu katatu kufikira thobvu litatha.

Mukatero longani udzu wouma m'kati kuti cikwama cisunge maonekedwe ace, ndipo cipacikeni pa mthunzi pamene mphepo ipita, masiku awiri kapena atatu. Pafupi ndi moto ai. Pa denga la malata ainso. Ici ndi cinthu cimene anthu acangu samamva, ndipo malamba ambiri anaphedwa ndi mbaula kuposa amene anaphedwa ndi mvula.

Podikira, samalani zitsulo. Dzimbiri mulipale ndi mcenga wosalala, pakuti dzimbiri likakhala pa nsalu limaibowola. Zomangira za mkuwa zimacita zobiriwira. Madzi a ndimu ndi mcere pang'ono zimacotsa, koma mutsukuluze ndi kupukuta bwino.

Sokani musanapake

Phula likalowa, singano imabvuta kupita ndipo dothi limamatirira pa msoko, motero kusoka kukhale patsogolo. Cigamba cikhale ca nsalu yolimba yofanana nayo, monga ya tenti yakale kapena ya ovolosi, ndipo cipitirire cibowo ndi zala ziwiri mbali zonse. Pindani m'mphepete mwace, mucisoke m'kati mwa cikwama, ndipo pomaliza musokerere milomo ya cibowo pa cigambaco kunja.

Kusoka lamba kufuna luso pang'ono. Tengani ulusi wokhuthala, muukoke pa cibuma ca phula katatu kapena kanai. Ikani singano ku nsonga zonse ziwiri za ulusi. Pa cibowo ciriconse singano imodzi ilowe kucokera kuno, inzace ilowe kucokera uko, ndipo mukoke zonse pamodzi. Umu ndi mmene amasokera okonza nsapato ndi zishalo, ndipo ubwino wace ndi uwu: ulusi ukaduka pa malo amodzi, msoko wonse sumasuka monga umacitira wa makina. Tsatani zibowo zakale za m'cikopa. Mukabowola zatsopano pakati pa zakale, cikopa cidzang'ambika potsata mzere monga sitampa ya ku positi. Pamene lamba wa paphewa akumana ndi nsalu ndi pamene katundu yense amalemera, tsono ikani kacikopa kapena kansalu kopinda kawiri m'kati, kuti ulusi ugwire zinthu zitatu. Nayiloni ya mbedza ndi yolimba ndithu, koma imaceka thonje lokalamba monga mpeni.

Kudyetsa cikopa

Mafuta oyenera alipo m'mudzi momwe. Oyamba ndi a nsatsi, amene amai amadziwa kuyenga. Kumbukirani kuti njere za nsatsi ndi zotsalira zace ndi zakupha, motero ana, nkhuku ndi mbuzi zisazifike. Aciwiri ndi a mapazi a ng'ombe: mukaphika mapazi ndi mafupa a miyendo, mutacotsa ziboda, pamwamba pa madzi pamayandama mafuta acikasu amene saundana msanga ngakhale mu June. Awa ndi amene azungu amati neatsfoot oil, ndipo okonza zishalo awagwiritsa nchito kuyambira kale. Wofuna kugula, afunse dubbin m'sitolo za nsapato.

Oilo wakuda wocoka m'galimoto kapena m'cigayo musamyese konse. Amadetsa zobvala, ali ndi zoipa zimene siziyenera kukhala pa khungu la munthu tsiku lonse, ndipo fungo lace limalowa m'cakudya. Mafuta ophikira amasasa, ndipo amaitana makoswe ndi mphemvu kudzadya malamba anu usiku.

Pakani ndi kansanza kapena ndi cala, pang'ono kwambiri, mbali zonse ziwiri za lamba, makamaka popindika ndi pa zibowo za comangira. Siyani usiku wonse. M'mawa pukutani otsala, mupinde lamba pang'ono muone. Ngati akali wouma, bwerezani kamodzi kapena kawiri, tsiku ndi tsiku. Lamba womwetsedwa mafuta ambiri nthawi imodzi amalefuka ndi kutamuka, ndipo tsiku lina thumba la mbeu liri m'kati adzaduka pa cibowo. Samalaninso kuti mafuta asatsikire pa nsalu, pakuti pamene pali mafuta phula siligwira bwino. Cikopa cidzada kuposa kale, musadabwe.

Phula

Nzeru imeneyi inacokera kwa amalinyero a ku Scotland ndi ku England, amene anali kupaka mafuta pa nsalu za matanga a ngalawa ndi kuzisoka zobvala za pa nyanja. Mafuta aja anali kuumitsa nsalu m'nyengo yozizira, ndipo ca m'zaka za 1930 opanga nsalu anayamba kuika phula la mtundu wa makandulo m'malo mwace. Ife tisakaniza mitundu iwiri. Phula la makandulo lokha limauma ndi kusweka popindika, niliyoyoka monga mamba a nsomba. La njuci lokha limamata, ndipo pa dzuwa la October limatola fumbi lonse la m'njira. Pamodzi zimathandizana. Tengani magawo awiri a makandulo oyera ndi gawo limodzi la phula la njuci, poyesa kulemera kwace. Pa cikwama cimodzi makandulo anai akwanira, ndipo padzatsala lina la caka camawa.

Amene ali ndi ming'oma asataye zisa atafinya uci. Ziwiritseni m'madzi, musefe ndi saka yoyera, musiye zizizire usiku wonse. M'mawa mudzapeza phula laundana pamwamba pa madzi monga cigumu. Palani litsiro la pansi pace.

Kusungunula ndi pamene pali ngozi, tsono mverani bwino. Dulani makandulo ndi phula tizidutswa, mucotse zingwe, muike m'citini couma. Citinico muciimike mumphika wa madzi, ndipo mphika ndi umene ukhale pa moto. Phula la njuci limasungunuka pa madigiri 62 kufikira 64, pamene madzi sangatenthe kupitirira madigiri 100, motero phula lokhala m'madzi silingapse. Koma citini cikakhala pa makala peniyeni, phula limafuka utsi ndi kuyaka. Likayaka, bvundikirani ndi cibvundikiro kapena thirani mcenga. Madzi musathire, pakuti moto udzalumphira kumaso kwanu. Ana akhale kutali, ndipo nchitoyi icitikire pabwalo, osati m'khichini ya udzu.

Mudzamva ena akuti phula lilowa msanga mukalisungunula m'petulo kapena m'parafini wa nyali. Kulowa limalowadi, koma imvani cimene cinacitika. Pa 6 July 1944, mumzinda wa Hartford ku America, anthu zikwi zambiri anali kuonera masewera m'tenti yaikuru imene inapakidwa phula losungunulidwa m'petulo kuti mvula isalowe. Moto utagwira, tenti yonse inatha m'mphindi zowerengeka, phula loyaka liri kugwera anthu, ndipo anafa oposa 160, ambiri a iwo ana. Cikwama canu cimagona m'nyumba ya udzu, pafupi ndi koloboyi ndi mbaula.

Phula likasungunuka, takasani ndi kamtengo, mulithire m'kacitini kakang'ono liundane. Mudzakhala ndi cibuma conga sopo. Yesani poyamba pa malo obisika, pakuti nsalu idzada ndi kulemerako pang'ono. Mukakhutira, yalani cikwama pa thabwa, mukhule cibumaco pa nsalu mwamphamvu, mzere ndi mzere, kufikira nsalu itaoneka yotuwa. Kunja kokha, m'kati musapake. Mbali yogunda msana wanu muisiyenso, kapena muipake pang'ono kwambiri, pakuti phula likafunda ndi thukuta lidzalowa m'malaya anu a ku chalichi.

Phula lokhala pamwamba silinayambe nchito. Liyenera kulowa m'ulusi. Pano dzuwa la October ndi mnzathu. Ikani cikwama pa lata padzuwa la masana kwa ola limodzi kapena awiri, mutakulunga malamba ndi ciguduli kuti asapse, ndipo phula likafewa litikiteni ndi cikhato. Njira yacangu ndi nsimbi ya makala yofunda pang'ono, yosatentha monga yositira thalauzi. Yalani pepala la khaki pakati pa nsimbi ndi nsalu, muyendetse osaima, ndipo nsimbi isakhudze cikopa. Mudzaona kutuwa kulikutha, nsalu niisanduka yakuda mofanana. Pamene pakali poyera, phula lacepa; onjezani.

Kupaka kawiri mopyapyala kuposa kupaka kamodzi mokhuthala. Kaciwiri limbikirani pa cibvundikiro ca pamwamba, pa misoko yonse, pa zigamba ndi pansi, pakuti madzi amalowera m'zibowo za singano asanalowere pena. Phula la pa misoko mulikanikize ndi cala kufikira zibowo zitatsekeka. Cikopa ca pansi, cimene cimakhala pa matope, mucikhulenso ndi phula pang'ono patapita masiku awiri cidyere mafuta. Pomaliza pacikani cikwama pa mthunzi tsiku limodzi.

Kuyesa ndi kusunga

Longani mapepala akale m'kati, mutseke, muthire madzi a m'kapu pamwamba. Madzi ayenera kupanga timibulu ndi kutsetsereka monga pa tsamba la koko. Tsegulani muone mapepala; pamene anyowa padzakuuzani msoko wofuna phula lina.

Koma ndinene zoona: cikwama copakidwa phula si ndowa. Cidzakupulumutsani pa mvula ya m'njira, koma mukagwa naco pooloka mtsinje madzi adzalowera pakamwa pace. Citupa, ndalama ndi foni zikhalebe m'kathumba ka pulasitiki m'kati mwace. Ndiponso nsalu imene iletsa madzi kulowa imaletsanso cinyontho kutuluka. Mbeu ya nshawa kapena ya nyemba muinyamule m'menemo pa ulendo, koma mukafika muitulutse, musaisungiremo masabata. Cikwama cimene cinanyamulapo mankhwala a thonje kapena a mbozi cisanyamulenso ufa kapena kamba wa paulendo, ngakhale mutacitsuka, pakuti mankhwala amalowerera m'nsalu ndi m'phula. Feteleza wotayikira m'kati mumkutumule tsiku lomwelo, popeza amakoka cinyontho ndi kudyetsa zitsulo dzimbiri.

Kuyambira tsopano cikwama cisaonenso sopo kapena madzi otentha, pakuti zidzacotsa phula. Matope muwasiye aume, muwacotse ndi burashi. Mukabwera naco conyowa, citseguleni, mucipacike pa mthunzi, osaciponya pansi pa bedi. Pocisunga, cipacikeni ndi waya kucokera ku mtanda, cisagunde khoma la dothi pamene ciswe cimakwera, ndipo cikhale kutali ndi moto wa m'nyumba. Mizere yoyera imene idzaoneka popindika si cilema. Mukaifunditsa padzuwa ndi kuitikita ndi cala imatha. October aliyense thirani kapu ya madzi monga poyamba, ndipo pamene madzi alowa m'nsalu m'malo mwa kutsetsereka, makamaka pa cibvundikiro ndi m'ngodya za pansi, khulanipo cibuma cija cinatsala.